Excel, notebook, Git kapena pulogalamu yathunthu: khodi ya kafukufuku muisamale mpaka pati?

Munthu amene wabwera ndi mafomu a usipa kuchokera kugombe la Senga Bay, kapena ziwerengero za zokolola za mpunga ku Lifuwu, alibe nthawi yoganizira kukongola kwa khodi, malamulo amene timalembera kompyuta. Akufuna yankho lero. Nsomba zachepadi chaka chino? Mbewu yatsopanoyi ikuposa kilombero? Amatsegula laputopu, kulemba mizere ingapo m'chilankhulo cha khodi cha R kapena Python, kuona chithunzi, kufufuta, kuyesanso. Kafukufuku amayenda chomwecho, ndipo palibe cholakwika. Mavuto amadza patapita miyezi, abwana akaimba foni kuti tebulo lija la mu lipoti lipangidwenso chifukwa deta ya ku Nkhotakota yafika, inu n'kupeza kuti mufoda muli mafayilo asanu ndi limodzi, onse otchedwa final.

Tsidya linalo kuli anzathu opanga mapulogalamu. Iwo amati khodi iliyonse ikhale ndi mayeso, ikhale ndi zolemba zoifotokoza, ndipo wina aiwunike isanagwire ntchito. Pa ntchito yawo akunena zoona. Koma mukachita zonsezo pa funso loti mawa mulitaya, mwamangira nkhokwe ya njerwa chimanga chodzaza lichero limodzi.

Izi ndalembera amene ali pakatikati: ophunzira amene akusonkhanitsa deta ya digiri yawo m'maboma a Salima ndi Nkhotakota, ndi ogwira ntchito m'mapulojekiti a ulimi, usodzi ndi umoyo amene khodi anaiphunzira okha usiku. Njira ndi zinayi. Zonse ndazigwirapo, zina mpaka zinandiwotcha zala.

Miyeso yake

Yambani ndi mafunso awiri. Khodi imeneyi ikhala ndi moyo masiku angati? Nanga nambala imene itulutse ikathera m'manja mwa ndani? Nambala yongoonera inu nokha madzulo ano si yofanana ndi imene ikalowe mu lipoti la kukhonsolo, anthu n'kukagawirapo mankhwala kapena mbewu. Mayankho anu ndiwo akuuzeni muyeso woti muulemekeze kwambiri mwa inayi iyi.

Mtengo. R, Python, Git, Jupyter ndi QGIS salipiritsa. Chimene mumalipira ndi nthawi yophunzira, bandulo yotsitsira, ndi malipiro a munthu. Zogula monga Stata, SPSS ndi Microsoft 365 mtengo wake umatsata ndalama zakunja, ndipo amene anali ndi bajeti m'manja pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sakufuna kufotokozeredwa.

Kupezeka. Chimagwira ntchito magetsi atazima, netiweki itathawa? Salima ili ndi munda wa sola wa mamegawati 60 ku Nanjoka kuyambira 2021, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, sabwera molunjika pa soketi yanu. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinakhala mumdima limodzi ndi wina aliyense. Kupezeka ndi munthunso: mukakanika, alipo pafupi woti mum'funse?

Kusamalira. Pulojekiti imatha, anthu amapita ku Lilongwe kapena kusukulu kunja. Wotsalayo aikwanitsa?

Zoopsa. Zilipo zitatu: kutaya ntchito, kuulutsa mayina a anthu amene anakuyankhani mafunso, ndi nambala yolakwika yooneka ngati yoona. Chachitatuchi ndicho chimandisowetsa tulo. Khodi ikagwa imakuwa, mumaikonza. Ikalakwa mwakachetechete imakupatsani tebulo lokongola.

Njira yoyamba: Excel ndi dzanja lanu

Ena sangaiwerengere ngati khodi, koma kafukufuku wambiri kuno amathera momwemu, ndiye tiiyeze.

*Mtengo.* Ngati laputopu ya ku ofesi ili nayo kale, palibe cholipira. Ngati ilibe, LibreOffice Calc ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo omwewo.

*Kupezeka.* Palibe yoiposa. Safuna intaneti, ndipo mlangizi, kalaliki ndi abwana onse amatha kuitsegula.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene imafooka. Mukafufuta mzere, kusintha nambala imene mukuiganizira kuti inalembedwa molakwika, kapena kusanja kolamu imodzi osasanja zinzake, palibe chimene chimalembedwa penapake. Patatha mwezi simukumbukira, ndipo wobwera pambuyo panu alibe poyambira.

*Zoopsa.* Excel imakonda kukuthandizani osaifunsa. Nambala za foni za alimi imazichotsera 0 woyamba. Deti la 03/04 imalitembenuza malinga ndi mmene kompyuta inatcheredwa, Epulo n'kusanduka Malichi. Asayansi a majini anatopa nazo mpaka mu 2020 anasintha mayina: SEPT1 inakhala SEPTIN1, MARCH1 inakhala MARCHF1, chifukwa Excel inkawasandutsa madeti. Chaka chomwecho, mu Okutobala, bungwe la zaumoyo la Public Health England linapeza kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'ziwerengero, chifukwa linkagwiritsa ntchito mtundu wakale wa fayilo umene umathera pa mizere 65,536. Mizere yotsalayo inangogwa popanda chenjezo. Nayonso nkhani ya akatswiri a zachuma Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff ndi yodziwika: mu 2010 analemba kuti ngongole ya boma ikaposa 90 peresenti ya chuma cha dziko, chumacho chimasiya kukula bwino, andale n'kuitola. Mu 2013 wophunzira wina, Thomas Herndon, atapempha fayilo yawo anapeza kuti fomula ina inasiya kunja mayiko asanu. Ngati zinagwera akuluakulu oterewa, ife a pa Kamuzu Road tisadzinamize.

Njira yachiwiri: notebook yokha

Apa ndikunena Jupyter, Google Colab, R Markdown ndi Quarto. Khodi, chithunzi ndi ndemanga zanu zimakhala patsamba limodzi, mumayendetsa kachigawo kamodzi n'kuona zotsatira pompo. Pofufuza chinthu chimene simukuchidziwa, palibe chokoma kuposa ichi. Mumaona kuti usipa wa ku gombe lina ukukwera modabwitsa mwezi wina, mumajambula mwezi ndi mwezi, mumachotsa gombe limodzi, mumabwezera, zonse m'mphindi khumi.

*Mtengo.* Zaulere. Anaconda, imene imabweretsa Python ndi Jupyter pamodzi, ndi yaikulu kutsitsa, ndiye ngati bandulo ndi yogula nokha, tengani Miniconda, mtundu wake waung'ono, n'kuwonjezera zokhazo zimene mukufuna, kapena kopani kwa mnzanu pa fulashi.

*Kupezeka.* Jupyter ndi RStudio zikangolowa mu laputopu sizifunanso intaneti. Colab ndi yosiyana. Imakubwerekani kompyuta ya Google, zimene zimathandiza ngati yanu ili yofooka, koma netiweki ikaduka mwaima, ndipo mtundu waulere sudutsa maola 12. Makinawo akabwezedwa, fayilo iliyonse imene simunaisunge ku Drive yapita. Amene amagwirira ntchito ku Chia kapena chakumtunda kwa mtsinje wa Bua asaidalire.

*Kusamalira.* Notebook imakula ngati chigumula. Kachigawo kotsuka deta mumakakopera mu notebook yachiwiri, yachitatu, kenako mumakonza cholakwika mu imodzi n'kuiwala zinazo. Komanso fayilo ya Jupyter mkati mwake imasakaniza khodi ndi zithunzi, motero kuyerekeza ya dzulo ndi ya lero kumavuta, pokhapokha muiphatikize ndi chida ngati Jupytext.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi ichi: notebook imakumbukira zimene munayendetsa, osati zimene zalembedwa patsamba. Mutha kuyendetsa kachigawo ka 12, kubwerera ku ka 4, kufufuta ka 7, zotsatira n'kumaonekabe bwino chifukwa zakale zidakali m'mutu mwa kompyuta. Mawa mukatsegula, sizibweranso. Mu 2019 ofufuza a ku Brazil ndi ku New York anatola ma notebook 1.4 miliyoni pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi. Mwa amene anayesa kuwayendetsa, pafupifupi 24 peresenti okha ndiwo anafika kumapeto osagwa, ndipo pafupifupi 4 peresenti ndiwo anatulutsa zotsatira zofanana ndi zimene zinasungidwamo. Chikomekome cha mkuyu.

Mankhwala ake ndi otchipa: musanakhulupirire nambala iliyonse, zimitsani kernel, injini imene imayendetsa khodi ya notebook, muiyatsenso n'kuyendetsa zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. R Markdown ndi Quarto zili ndi ubwino woti popanga lipoti zimayambira pa chiyambi zokha, ndiye chinyengo chotere chimagwidwa msanga.

Njira yachitatu: masikiriputi, Git ndi macheke ochepa

Iyi ndiyo ndimailimbikitsa kwa ambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu amaiopa pachabe.

Notebook simuitaya. Imakhala dimba loyeseramo. Koma chinthu mukachikopera kachiwiri, kapena nambala ikayamba ulendo wotuluka mu laputopu yanu, khodi yake imasamukira ku sikiriputi, fayilo ya khodi yokhayokha yoyenda kuyambira pamwamba mpaka pansi. Foda imakhala yosavuta. Deta yoyambirira, monga mmene yatsikira ku KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu otolera mafomu pa foni, imakhala payokha ndipo palibe amene amaikhudza ndi dzanja, ngakhale inuyo. Kukonza kulikonse kumalembedwa mu khodi. Masikiriputi amakhala ndi manambala, 01 wotsuka, 02 wolumikiza, 03 wowerengera, 04 wa zithunzi, kuti munthu wachilendo adziwe poyambira. Pamakhala fayilo imodzi ya README ya mizere khumi kapena khumi ndi isanu yonena kumene deta inachokera ndi mmene zimayendetsedwera. A Stata, do-file yanu ndi sikiriputi kale, zonsezi zikukukhudzani.

Kenako macheke. Sindikunena mayeso mazanamazana ayi. Ndikunena mizere ingapo ya stopifnot mu R, kapena assert mu Python ndi Stata, yoimitsa ntchito ikaona chinthu chosatheka. Macheke abwino amachokera ku zimene mukudziwa za kuno, zimene katswiri wa mapulogalamu wa ku Johannesburg sangazilote:

Dzina la boma. Mufayilo imodzi mupeza Nkhotakota, Nkhota-kota, Nkhota Kota ndi KK, kompyuta n'kumawerenga maboma anayi. Cheke yake ndi yoti dzina lililonse lipezeke pa mndandanda umodzi wovomerezeka.

Muyeso. Mlimi amanena maekala, lipoti likufuna mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47. Mukaiwala pa gulu limodzi la mafomu, zokolola za m'dera limenelo zimaoneka zachilendo popanda chifukwa. Kugombe n'chimodzimodzi: wina walemba ndowa, wina beseni, wina chigoba, ndipo ndowa ya usipa wauwisi silemera ngati ya wouma. Kusandutsa zimenezi kukhala makilogalamu kukhale mu fankishoni (kachidutswa ka khodi kochita ntchito imodzi) imodzi yokha, yoyesedwa ndi zitsanzo ziwiri zitatu zimene mwawerengera papepala.

Malo. Tili kummwera kwa equator, ndiye latitude yathu ili ndi chizindikiro chochotsera. Chikagwa, mudzi wa ku Salima umakapezeka ku Sudan. Latitude ndi longitude zikasinthana malo, mapu amatuluka opanda kanthu. Nyumba ya munthu ikagwera pakati pa nyanja, cheke ikuwe.

Zosayankhidwa. Ena amalemba -99 kapena 999 pamene munthu sanayankhe. Zikalowa mu avereji, msinkhu wa ana umasokonekera. Mu Stata muli msampha wina: malo opanda kanthu amawerengedwa ngati nambala yaikulu kuposa zonse, motero mukati mukufuna azaka zoposa 60, onse amene sanatchule zaka amalowa m'gulu la agogo.

Kulumikiza matebulo. Apa ndipo ndinapsa. Pa pulojekiti ina ya usodzi ndinalumikiza tebulo la nsomba ndi la magombe, osadziwa kuti gombe lina linalembedwa kawiri mu tebulo lachiwirilo. Mizere yake yonse inabereka mapasa, gombelo n'kuoneka ngati lapha nsomba kuwirikiza kawiri. Ndinafika polemba ndime yofotokoza chifukwa chake. Anandipulumutsa ndi bambo wina wolemba mafomu kugombe komweko, amene atangoona chithunzi anati, "Achimwene, chaka chimenechi mwera unatikhalitsa kumtunda masabata, nsomba zimenezi zaphedwa ndi ndani?" Mzere umodzi woyerekeza kuchuluka kwa mizere musanalumikize ndi mutalumikiza ukanagwira zimenezi tsiku loyamba.

Musaganize kuti ndi matenda a ife ophunzira tokha. Mu 2006 Geoffrey Chang wa ku Scripps ku America anabweza mapepala asanu a kafukufuku, atatu mwa iwo a m'magazini ya Science, chifukwa kapulogalamu kopangidwa mu labotale kanasinthanitsa makolamu awiri a deta, maonekedwe a mapuloteni n'kutuluka olakwika.

*Mtengo.* Ndalama palibe. Nthawi ilipo. Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa khodi, imazunguza mutu masiku oyamba, ndipo ndikunena mosabisa kuti mauthenga ake olakwika amaopseza. Koma zimene wofufuza amafuna tsiku ndi tsiku ndi malamulo asanu kapena asanu ndi limodzi basi, ndipo RStudio ndi VS Code zili ndi mabatani ake. Maphunziro a Software Carpentry ali pa intaneti mwaulere ndipo analembedwera ofufuza, osati opanga mapulogalamu. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku mudzachedwako pang'ono. Mudzabweza nthawiyo tsiku limene deta yatsopano yafika, inu n'kungoyendetsanso masikiriputi anayi mukumwa tiyi.

*Kupezeka.* Ambiri amasokoneza Git ndi GitHub. Git, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, imakhala mu laputopu yanu ndipo imasunga mbiri yonse popanda intaneti. Mutha kugwira ntchito sabata yathunthu kumunda ku Chitala, kenako n'kutumiza zonse ku GitHub mukafika pa boma. Khodi ndi mawu chabe, sidya bandulo. Kuyambira 2019 GitHub imalola nkhokwe zachinsinsi mwaulere. Ngati intaneti kulibiretu, lamulo la git bundle limaika mbiri yonse mu fayilo imodzi yoti muinyamule pa fulashi.

*Kusamalira.* N'kwapakatikati. Chofunika ndi kulemba mitundu ya maphukusi (khodi yokonzedwa kale imene mumatsitsa) amene mukugwiritsa ntchito, ndi renv mu R kapena requirements.txt mu Python, chifukwa pansi pamasuntha. Python 2 inasiyidwa pa 1 Januwale 2020. Mu 2023 phukusi la Python la pandas 2.0 linachotsa lamulo la append limene masikiriputi ambiri ankadalira, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho rgdal, rgeos ndi maptools zinachotsedwa pa CRAN, nkhokwe ya maphukusi a R, ojambula mapu ndi R n'kudzuka khodi yawo ikukana. Ngati khodi yanu imasankha zinthu mwamwayi, monga midzi yoti muyendere, ikaniponso seed, nambala yochititsa kuti masankhidwewo azibwera chimodzimodzi nthawi zonse.

*Zoopsa.* Choopsa chenicheni cha Git si kuvuta kwake, ndi chikumbumtima chake. Mukaika fayilo ya mayina, manambala a foni kapena zotsatira za magazi a anthu, n'kuitumiza ku GitHub, kuifufuta mawa sikuichotsa mu mbiri. Madzi akatayika saoleka. Foda ya deta ilowe mu .gitignore, mndandanda wa zinthu zoti Git isasunge, tsiku loyamba, musanasunge kalikonse. Makomiti owunika kafukufuku monga NHSRC ndi COMREC amafunsa za kasungidwe ka deta, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wa munthu. Izi zikutanthauzanso kuti Git sisunga deta yanu: detayo imafunika malo ake, makope awiri, imodzi isakhale m'chikwama chomwe muli laputopu. GitHub imakananso fayilo yoposa mamegabaiti 100, ndiye zithunzi za droni ndi za setilaiti zisakeni pokhala pena.

Ndiwonjezere kamodzi za ChatGPT ndi anzake, poti aliyense akuwagwiritsa ntchito. Amalemba khodi mwachangu, nthawi zambiri yoyenda. Koma sadziwa kuti fomu yanu ili mu maekala. Khodi imene simunalembe nokha ndiyo ikufuna macheke kwambiri, ndipo mayina a anthu musawamate m'menemo.

Njira yachinayi: pulogalamu yomangidwa mokwanira

Apa khodi imasanduka phukusi loti ena aike m'makompyuta awo. Fankishoni iliyonse ili ndi mayeso a pytest kapena testthat. GitHub Actions imayendetsa mayesowo yokha nthawi iliyonse wina akasintha kanthu. Kusintha sikulowa mnzanu asanakuwerenge. Snakemake kapena targets imadziwa gawo loti liyendetsedwenso deta ikasintha, ndipo Docker imanyamula chilichonse kuti ziyende chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse.

Chomalizachi si mwambo chabe. Mu 2019 akatswiri a kemisitiri a ku Hawaii anapeza kuti sikiriputi ya Python yofalitsidwa mu 2014 inkapereka mayankho osiyana pa Windows, Mac ndi Linux, chifukwa inkadalira ndondomeko imene kompyuta ikusanjira mafayilo, ndipo makompyuta sasanja mofanana.

*Mtengo.* Zida n'zaulere, koma mtengo wake ndi munthu, ndipo munthu wodziwa izi ndi wodula komanso amakopedwa msanga ndi mabanki, makampani a foni ndi ntchito zakunja. Ngati malipiro ake sanalembedwe mu bajeti ya pulojekiti kuyambira pachiyambi, njirayi iiwaleni.

*Kupezeka.* Ndi njira yokonda intaneti yabwino. Zimene Docker imatsitsa pa ntchito ya deta zimafika mamegabaiti mazana ambiri, nthawi zina kupitirira gigabaiti, ndipo laputopu ya magigabaiti 4 a RAM imapuma movutika. Ofesi yokhala ndi sola ndi intaneti yokhazikika ikwanitsa. Munthu wa hotspot ya foni avutika.

*Kusamalira.* N'kolemera ndipo sikutha. Mayeso nawo ndi khodi, amafuna kukonzedwa. Koma ikasamalidwa, ndi njira yokhayo imene anthu asanu angagwirire ntchito pamodzi osapondana, ndipo imapirira wina akachoka.

*Zoopsa.* Ziwiri. Choyamba, imaumitsa maganizo. Mukamanga zonsezi funso lisanakhwime, tsiku limene mwazindikira kuti munayenera kuwerengera nsomba pa bwato osati pa gombe, mumazengereza kusintha chifukwa mayeso makumi anayi agwa. Wofufuza amene akuopa kusintha funso wasiya kufufuza. Chachiwiri, mayeso amatsimikiza kuti khodi ikuchita zimene munailamula, osati kuti munailamula zanzeru. Zizindikiro zonse zobiriwira za pa GitHub, zosonyeza kuti mayeso adutsa, sizingakuuzeni kuti midzi imene munasankha yonse ili m'mbali mwa msewu wa M5. Ndaonanso pulojekiti ina imene katswiri wobwera anamanga makina okongola, kontilakiti itatha n'kunyamuka. Patangopita miyezi ingapo ofesi yonse inabwerera ku Excel, chifukwa panalibe wodziwa kuwadzutsa atagwa.

Nanga inuyo mutenge iti?

Ngati ndi ziwerengero za msonkhano wa mawa, mizere mazana angapo, ndipo owerenga akufuna kutsegula okha, gwiritsani Excel. Sungani kope yoyambirira yosakhudzidwa, makolamu a manambala a foni ndi ma ID muwatchere ngati mawu musanamate kalikonse, ndipo tsamba limodzi likhale lolembapo zimene mwasintha.

Ngati deta yangofika ndipo simukudziwa chimene ilimo, tsegulani notebook, musadzimve wolakwa. Sabata imodzi kapena ziwiri zosokoneza n'zofunika. Ikani deti pa dzina la fayilo, ndipo Lachisanu lililonse muiyendetse kuyambira pamwamba.

Wophunzira wa masitazi kapena udokotala ayambe njira yachitatu mwezi woyamba, osati akamalemba mutu womaliza. Aphunzitsi adzakupemphani kuti muchotse mudzi wina, muwonjezere chaka china, ndipo woyesa wakunja adzafunsa funso loti mubwerezenso zonse. Pomaliza khodiyo muiike pa Zenodo, nkhokwe yaulere ya CERN imene imapereka nambala ya DOI yoti ilowe mu pepala lanu.

Pulojekiti ya zaka ziwiri kapena zitatu yokhala ndi malipoti a miyezi itatu iliyonse, kaya ndi ya malungo, likodzo kapena mthirira, itengenso yachitatu, koma ibwereke chinthu chimodzi ku yachinayi: munthu wachiwiri. Asangowerenga khodi, aiyendetse pa laputopu yake potsatira README yokha, inu mutakhala chete. Pamene wakanika ndi pamene README ikunama. Ofesi imene imakoka ziwerengero ku DHIS2, pulogalamu yosunga ziwerengero za zaumoyo, mwezi ndi mwezi n'kumazikonza ndi dzanja ipindule kwambiri ndi sikiriputi imodzi yokha yotsuka.

Yachinayi ndi ya ntchito zimene zidzakhalapo inu mutachoka, kapena zimene ena adzamangirapo: kalembera wa nsomba wa chaka ndi chaka, mayeso a mbewu obwerezedwa nyengo zambiri, kapena ntchito ngati yotsata njovu pafupifupi 500 zimene zinasamutsidwira kunkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, kumene deta ya makolala ovekedwa njovuzo imabwera osaleka. Ngakhale pamenepo musamange zonse. Mangani molimba gawo lokhazikika, lotsuka ndi kusandutsa miyeso, mafunso atsopano apitirire kubadwira mu notebook imene ikuitana phukusilo.

Ndipo ngati mwalowa ntchito n'kupatsidwa foda ya munthu amene anachoka, ya mafayilo aja otchedwa final, musayambe ndi kulembanso. Ikani zonse mu Git mmene zililimo, deta ya anthu itatsala kunja. Pezani fayilo imene ikutulutsa manambala ofanana ndi a mu lipoti lomaliza, sungani manambalawo ngati cheke yanu yoyamba, kenako muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kumaona ngati akubwerabe.